Mmene mungafufuzire mbiri ya makolo anu a nthawi ya thangata

Ngati kwanu ndi ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu kapena Phalombe ndipo agogo anu akadali moyo, musachedwe, kwerani minibasi mwezi uno. Ine ndinazengereza, pano zomwe ndikudziwa za agogo aamuna ndi zidutswa chabe zomwe ndinatola kwa achemwali awo.

Musapite chimanjamanja. Tengani shuga, mchere, kasopo, ndipo tsiku loyamba osatulutsa kope ayi, amaona ngati mwabwera ndi za boma. Khalani pamphasa, thandizani kutongola chimanga, nkhani imabwera yokha manja akamagwira ntchito. Foni muipemphere kaye, "agogo, ndijambuleko mawu anu kuti adzukulu adzamve", akakana musakakamize.

Funso loyamba lisakhale la azungu. Funsani kuti kodi amayi anu anabadwira kuti, nanga dzina lawo la kubadwa linali ndani asanabatizidwe. Apa mpamene pali nkhani, chifukwa mayina ambiri omwe timawatenga ngati a banja ndi a ku mishoni kapena oti kapitawo anangolemba m'buku la esiteti. Tsatani mbali ya amayi kwambiri poti kuno mbumba imayenda kuchikazi, ndipo lembani mudzi, mfumu, phiri ndi mtsinje womwe atchule.

Kenako mufike pa thangata, koma mwapang'onopang'ono. Mawuwa kale ankatanthauza kuthandizana kumunda, atsamunda atatenga malo ndi mapepala a umwini wa malo ochokera kwa Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, m'zaka za m'ma 1890 anawasandutsa ntchito yolipirira lendi pa nthaka yomwe munthu akukhalapo, mwezi wina kugwirira lendi wina kugwirira msonkho, ndipo m'maesiteti ena miyeziyo inkangotalika. Nkhanza za ku Magomero pa esiteti ya A. L. Bruce ndi zina mwa zomwe zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915, koma thangatayo anadzatha mu 1962, ndiye kuti alipo agogo omwe anaona ndi maso. Afunseni kuti ankalima chiyani, thonje, fodya kapena tiyi, ankadzuka nthawi yanji, manda akale a banja ali kuti. Mwina akulozerani pakati pa munda wa tiyi pomwe simungalowe opanda chilolezo.

Kwa ife Alhomwe pali bala lina. Makolo ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, kufika kuno opanda malo, nkumatchedwa Anguru monyoza mpaka anthu ngati Lewis Bandawe anamenyera kuti boma lisiye dzinalo. Nchifukwa chake ambiri anasiya kuyankhula Chilhomwe pamaso pa ana. Achemwali a agogo aja nditawapempha nyimbo yoyimba posinja anayamba ayang'ana kaye kumsewu ngati kukubwera munthu, kenako nkuyimba motsitsa mawu, maso ali pansi. Mukaona zotere musafunse funso lina, ingokhalani chete amalize.

Mukabwerako pitani ku tchalitchi komwe anabatizidwa mukapemphe kuona mabuku akale a ubatizo, ndipo mukapeza mpata fikani ku National Archives ku Zomba, komwe boma limasunga zolembedwa zakale. Zolembedwa kumeneko zambiri ndi za atsamunda omwewo, ndiye zikasemphana ndi za agogo musathamangire kunena kuti agogo aiwala. Mawu munajambula aja asungeni malo awiri, mutumizenso pa gulupu ya banja ya WhatsApp, mayina mulembe monga mmene agogo anawatchulira.