Momwe mungasankhire liwiro pophunzira limodzi nyimbo yothamanga pa piyano

Anthu akuluakulu amene amaimba piyano mwa chikondi chabe akagwirizana zophunzira nyimbo imodzi yothamanga, pomwe amasemphana kawirikawiri ndi pa liwiro. Wina wamvera katswiri akuiimba ndipo akufuna kuthamanga chimodzimodzi, pomwe mnzake zala zikumukanika pa tsamba lachiwiri. Njira yothetsera zimenezi ndi imodzi: liwiro la nyimbo yonse lizitengedwa pa malo ovuta kwambiri, osati poyambira. Momwe mungachitire ndi motere.

Yambani ndi mawu amene alembedwa pamwamba pa tsamba loyamba. Rondo alla Turca ya Mozart, yomwe ndi gawo lomaliza la Sonata K. 331, anthu ambiri amaithamangitsa ngati mpikisano, chonsecho mwini wake analemba Allegretto, kutanthauza mwachangu koma mosapitirira. Mukapeza nambala ya metronome (chipangizo chogunda mofanana, chomwe nambala yake imasonyeza kuti chigunda kangati pa mphindi) m'buku lanu la nyimbo ya Mozart, dziwani kuti anaika ndi akonzi a bukulo, chifukwa iye anamwalira mu 1791, pomwe Johann Maelzel analembetsa chipangizochi mu 1815. Beethoven anaikadi manambala ake mwiniwake, koma ena ndi okwera zedi: gawo loyamba la Sonata Op. 106 analilemba 138 pa minim (notsi yaitali yomwe nthawi zambiri imatenga kugunda kuwiri), liwiro lomwe ngakhale akatswiri ambiri amalitsitsa. Nayo Waltz ya Chopin, Op. 64 No. 1, yomwe imatchedwa Minute, isakupusitseni kuti muimalize m'mphindi imodzi. Akatswiri amatha mphindi imodzi ndi theka kapena kuposa.

Kenako sandutsani nambala ya metronome kukhala chinthu chomwe zala zikuchimva. Ngati pa kugunda kumodzi pali ma semiquaver (timanotsi tatifupi tothamanga) 4, chulukitsani nambalayo ka 4 n'kugawa ndi 60. Pa 60, zala zikugawana manotsi 4 pa sekondi. Pa 90 ndi manotsi 6, pa 120 ndi 8. Kuchoka pa 90 kufika pa 120 kumaoneka kochepa pa chipangizo, koma ndi manotsi awiri owonjezera pa sekondi iliyonse, ndipo munthu woyeserera madzulo okha ataweruka kuntchito angafunike milungu ingapo kuti afikepo.

Tsopano fufuzani malo ovuta. Pa tsiku loyamba kukumana, aliyense alembe ndi pensulo malo awiri kapena atatu omwe akumusautsa. Mu Rondo ija, ambiri amakodwa pa ma semiquaver othamanga a gawo la F sharp minor, komanso pa ma octave oswekaswekawa (notsi ndi inzake ya dzina lomwelo pamwamba pake, zoimbidwa motsatizana) a dzanja lamanja chakumapeto, pomwe chala 1 (chachikulu) ndi chala 5 (chaching'ono) zimasinthana mofulumira. Tengani mabala 4 (timagawo ta nyimbo tolekanitsidwa ndi mizere yoimirira) a pamalo oterowo. Aliyense aimbe pa 60, kenako 66, 72, kumakwera mpaka atalakwitsa. Nambala yake yeniyeni ndi yomwe waimba katatu motsatizana popanda kuphonya notsi, popanda kuima, mapewa ali pansi. Kukhoza kamodzi mwamwayi sikuwerengedwa.

Kuchokera pamenepa gululo lilembe manambala awiri. Loyamba ndi liwiro lophunzirira, lomwe ndi nambala yotsika kwambiri mwa onse. Lachiwiri ndi liwiro lofikira, lomwe mukufuna mudzaimbire pamaso pa anthu pakatha milungu 8 kapena 10. Ngati mukuimba nyimbo ya anthu awiri pa piyano imodzi, liwiro lofikira liyenera kukhala limodzi, ndipo limatsatira wocheperako mphamvu. Ngati aliyense akuimba payekha, palibe chifukwa chokakamizana. Wina atha kumaliza pa 96, wina pa 112, onse n'kumveka bwino. Chofunika n'chakuti nambala yoimbira pagulu ikhale yotsikirako ndi pafupifupi 10 pa nambala yomwe mumakwanitsa kunyumba. Mtima ukamagunda anthu akukuyang'anani, manja amathamanga okha, ndiye pafunika malo otsala.

Musanayambe kukweza liwiro, khazikitsani zala. Apa ndi pomwe ambiri amadzitchera okha msampha. Pang'onopang'ono, chala chilichonse chimatha kufika paliponse: mutha kudumpha ndi chala 5 kawiri, kukweza dzanja m'mwamba, kupinda mkono, nyimbo n'kumamvekabe bwino. Mukafika pa 100 zonsezo zimakanika, ndipo mumapeza kuti mwazolowetsa dzanja kayendedwe kosatheka. Choncho pa tsiku loyamba lomwelo yesani zala zomwe mwasankha pa liwiro lofikira, koma manotsi 5 okha. Ngati zikuyenda mosavuta pa kachidutswa kameneka, lembani manambala a zala pamwamba pa manotsi ndipo musasinthenso. Ngati zikukodwa, sinthani lero lomwe. Ndi bwinonso kuyerekeza zala pakati panu, koma wa manja aang'ono asatengere za wa manja aakulu mwachimbulimbuli.

Pokweza metronome, onjezani 4 pa nthawi. Mukakhoza katatu, kwezani. Mukalakwitsa kawiri pamalo amodzi, tsikani ndi 8. Tsiku lotsatira musayambire pomwe munalekezera, yambirani pansi ndi 12 kapena 16, chifukwa manja ozizira sakumbukira msanga za dzulo.

Njira imeneyi payokha imafika poima. Pamakhala nambala ina, kwa ambiri pakati pa 90 ndi 110 pa ma semiquaver, pomwe mumangoguba malo amodzi mlungu wathunthu. Chifukwa chake n'chakuti ubongo ukulamulabe notsi iliyonse payokha, pomwe kuthamanga kumafuna kuti manotsi angapo akhale kayendedwe kamodzi ka dzanja. Apa siyani kukwera masitepe ndipo yambani kuimba m'timagulu. Imbani manotsi 4 ndi loyamba la gulu lotsatira pa liwiro lofikira, imani, masulani dzanja, pumani, yambirani pa notsi yomwe munaimirayo. Zikakhazikika lumikizani timagulu tiwiri kukhala manotsi 9, kenako 17. Notsi yowonjezerayo musaisiye, ndiyo imasoka kagulu ndi kanzake. Njira ina ndi kusintha kagundidwe: notsi yaitali, yaifupi, yaitali, yaifupi, kenako kutembenuza. Ikuthandizani kupeza chala chomwe chikuchedwa, ndipo nthawi zambiri ndi chala 4, kapena chala 1 podutsa pansi pa zinzake.

Dzanja lamanzere musalinyozere. Nthawi zambiri munthu amaganiza kuti lamanja ndilo likulephera, chonsecho lamanzere ndilo likuchedwa kudumpha, lamanja n'kumalidikira. Liyeseni palokha pa liwiro loposa lofikira ndi 10, osayang'ana makiyi.

Za ululu tinene mosabisa. Ma octave osweka aja amaimbidwa potembenuza mkono kuchokera pachigongono, monga momwe mumatembenuzira kiyi pachitseko, osati potambasula zala ndi mphamvu. Mkono ukayamba kuuma kapena kutentha pakati pa chigongono ndi dzanja, imani pomwepo. Mphindi 20 mpaka 25 tsiku lililonse, zogawidwa ndi kupuma, zimapindulitsa kuposa maola atatu Loweruka lokha, ndipo thupi la munthu wamkulu silichira msanga ngati la mwana. Ululu ukapitirira masiku angapo, kapena zala zikamachita dzanzi, kaonaneni ndi dokotala musanabwerere pa piyano.

Mukakumana mlungu uliwonse, jambulani aliyense pa foni akuimba nyimbo yonse popanda metronome. Pomvera, yezani liwiro m'malo atatu: poyambira, pamalo ovuta, ndi pomalizira. Zomwe zimapezeka kawirikawiri ndi izi: munthu wayamba pa 116 chifukwa poyambira n'posavuta, wafika povuta watsika pa 92, kenako wathamanganso. Womvera amamva kutsikako ngati kupunthwa, pomwe nyimbo yoimbidwa pa 96 kuyambira poyamba mpaka pamapeto, manotsi onse akumveka, amaimva kuti ikuthamanga. Mankhwala ake ndi kuimba mabala ovutawo mumtima musanakhudze kiyi iliyonse, kutenga kugunda kwake, n'kuyamba nyimbo ndi kugunda komweko. Kuti muone ngati liwiro lakhazikika mwa inu, ikani metronome kuti izigunda kamodzi kokha pa bala. Mu nyimbo ya 2/4 yomwe mumaimba pa 100, ndiye kuti muiike pa 50. Ngati mukufika pa kugunda kulikonse msanga, mukuthamangira m'kati mwa bala.

Kwa oimba awiri pa piyano imodzi, monga mu Hungarian Dances za Brahms zomwe zinatuluka koyamba mu 1869 zitalembedwera manja 4, pali zina zoti mugwirizane. Wokhala kumanzere, secondo, ndiye amasunga kugunda ndipo kawirikawiri ndiyenso amaponda pedulo, ngakhale kuti nyimbo yomveka ili kwa primo, wokhala kumanja. Choncho secondo ayenera kudziwa pomwe mnzake akusintha mawu, apo ayi pedulo isakaniza zonse. Sankhani mmodzi wopereka chizindikiro choyambira, kaya ndi kukoka mpweya kapena kugwedeza mutu pang'ono, ndipo chizindikirocho chikhale pa liwiro la nyimbo. Nyimbo za Brahms zimenezi zimachedwa ndi kufulumira mwadala m'malo ambiri, ndiye lembani pa mapepala onse awiri amene akutsogolera pamalo aliwonse otero. Yeseraninso pomwe manja akuwombana pakati: gwirizanani kuti la ndani lidutse pamwamba, la ndani likhale pansi pafupi ndi m'mphepete mwa makiyi.

Chomaliza n'chipangizo ndi chipinda. Amene amayeserera pa kiyibodi ya makiyi opepuka adzapeza piyano yeniyeni yolemera, ndipo nambala yake idzatsika. Chipinda chachikulu chobweza mawu chimaphatikiza ma semiquaver, makamaka a mawu otsika, ndiye pamafunika kuchepetsa pedulo ndi kutsitsako liwiro. Ngati n'kotheka, yeserani kamodzi pa piyano yomwe mudzaimbepo kutatsala mlungu, mmodzi akhale kumbuyo kwa chipinda n'kumvera ngati manotsi a pamalo ovuta aja akumveka limodzilimodzi. Akapanda kumveka, tsitsani ndi 4, muimbenso, mpaka atamveka, ndipo nambala imeneyo ilembeni pamwamba pa tsamba loyamba.