Musamazule waya wa magiya musanasiyemo chokokera watsopano

Mvula ya chaka chino yatibweretsera njinga zambiri zokana magiya, ndipo cholakwa chomwe ndikuchiona ndi chimodzimodzi paliponse moti kukhala chete sindingathenso. Ndikunena ma mountain bike a kaunjika aja amene mawaya ake saoneka, amalowa pakabowo pafupi ndi mahandulo nkudutsa mkati mwa fulemu mpaka kukatulukira kumbuyo kufupi ndi tayala. Matope alowa, waya wachita dzimbiri, giya sikulowa, ndiye munthu amangomasula kabawuti kumbuyo nkuzula waya yense ngati mmene anazolowerera pa njinga zakale za mawaya apoyera. Mavuto amayambira pomwepo.

Abale anga, m'mafulemu ambiri mulibe kanjira kotsogolera waya, ndi mphako basi. Waya wakale uja ndi yekhayo amene akudziwa njira. Mukamuzula mwatsala ndi kawaya ka mamilimita 1.2 koti mukalowetse mumdima, kayende chitsulo chonse, kakhote pansi pomwe pamazungulira mapedulo, kenako kapeze kabowo kosaposa njere ya nyemba. Mumabaya, mumabweza, mumabayanso, nsonga ija imayamba kumwazika ngati tsache ndipo waya watsopano amene mwangogula kumene wathera pomwepo asanagwire ntchito ndi tsiku limodzi lomwe. Ntchito ya mphindi 20 imadya tsiku lathunthu.

Koma tsiku lotayikalo si limene limandipweteka kwambiri, chimene chimandipweteka ndi zimene anthu amachita mtima ukakwera. Ena amatenga sipoko nkumakolowola pabowo mpaka penti kusupuka, timphira totseka pabowo tija nkung'ambika, ndiye madzi a mvula azilowa mufulemu mmene akufunira. Ena amatenga dirilo kukulitsa bowo kapena kuboola lina. Fulemu ya aluminiyamu ukaiboola malo olakwika mng'alu umayambira pomwepo, ndipo aluminiyamu siwotcheredwa ndi makina wamba apamsika aja. Ikakhala ya carbon, yopepuka ija yosakhala yachitsulo, ndiye osayerekeza nkomwe. Ndipo ngakhale waya atatuluka mwamwayi, nthawi zina amakhala wapiringizana ndi mnzake mkatimo, akukhulana, chosinthira magiya chikulimba, inu mungothira oyilo kunja pomwe vuto lili mkati.

Bambo ena olima tomato kudera kwathu kuno, mwana wawo anawatumizira njinga yotere kuchokera ku Joni, yabwino ndithu, ndipo ndi imene ankakwera popita kudimba ndi kumsika. Magiya atayamba kuvuta anaipereka kwa mnyamata wokonza njinga pansi pa mtengo, mnyamata wodziwa ntchito ndithu pa njinga zina zonse, koma anazula waya. Atalimbana nayo mpaka dzuwa kupendeka anangodutsitsa kunja nkumanga ndi mphira za chubu. Ndinaiona patatha milungu ingapo, mphira zatambasuka ndi dzuwa, kapaipi kakuda komwe waya amadutsamo kakulendewera pafupi ndi tayala, tcheni ikudumphadumpha yokha pachitunda. Bambowo anandiuza kuti tsopano akangoona phiri amatsika nkumakankha, ndipo anali atayamba kale kufunsa mtengo wa tcheni yatsopano, pomwe tcheniyo inalibe mlandu uliwonse. Chinandikhudza kwambiri chifukwa ndalama ya tomato sibwera mophweka.

Ndipo mnyamata uja kapaipi kamene anaikapo kanali ka mabuleki. Izinso ndatopa nazo kunena. Ka mabuleki ndi ka mamilimita 5, mkati mwake chitsulo chinapotedwa ngati sipuling'i ndiye kamafinyika, giya singakhazikike pamalo pake. Ka magiya ndi ka mamilimita 4, timawaya take tinagona mulitali. Musamasinthanitse, makamaka kuika ka magiya ku mabuleki, kamatha kuphulika mukagwira buleki mwamphamvu ndipo mutha kuvulala.

Mawu oti takhala tikutero kuyambira kale ndawamva kokwanira. Kale mawaya ankaoneka ndi maso, pano saoneka, ndiye kungoyang'ana kaye pomwe waya walowera ndi pomwe watulukira musanagwire pulayala kukuvutani pati?

Chochita nchachidule. Tsitsani tcheni pa giya yaing'ono yakumbuyo, masulani waya, dulani kachipewa kakunsonga. Musanakoke, vekani kapaipi kapulasitiki kopyapyala pa waya wakaleyo kuchokera kumbuyo mpaka katulukire kubowo la kutsogolo, kagwireni ndi tepi mbali zonse, kenako zulani wakale, lowetsani watsopano momwemo, nkusolola kapaipiko. Ngati mulibe, mangani ulusi wolimba kunsonga ndi tepi pang'ono, utsale mufulemu kuti mukokere watsopano. Njinga zina kapaipi kakuda kamadutsa mkati monse, pamenepo kusintha waya yekha sikuvuta, koma mukamasintha kapaipiko lumikizani kakale ndi katsopano ndi kasikuluwu kodula mutu, wina azikankha wina azikoka pang'onopang'ono.

Ngati mwazula kale, tsegulani kachivindikiro ka pansi pa mapedulo ngati kalipo, muyende mtunda umodzi kaye kenako winawo. Maginito amphamvu kunja kwa fulemu amatha kutsogolera nsonga ya waya pa aluminiyamu ndi carbon, pa fulemu yachitsulo amangomata pafulemupo. Pomaliza bwezeretsani timphira ta pabowo tija, ndipo waya muzidula ndi chodulira chakuthwa nkufinyirapo kachipewa kuti asamwazike.