Mtundu wa chovala woyenera khungu lanu m'chilimwe cha kuchigwa

Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula kumapyola madigiri 40. Mtundu wa chovala uyenera kuwalitsa nkhope yanu komanso kupirira thukuta ndi fumbi.

Musasankhire nsalu pansi pa lona labuluu la pakaunjika, kuwala kwake kumanamiza maso. Tulukani nayo, muime pamthunzi, muiike pansi pa chibwano n'kudziona pagalasi kapena pakamera ya foni. Ikakukhalani, maso amawala ndipo khungu limaoneka losalala. Ikakukanani, nkhope imatuwa ngati mwadwala.

Akuda bii ndiwo ali ndi mwayi: choyera, chachikasu, cha olenji ndi cha pinki yowala zimawakhala bwino kwambiri. Apewe cha bulauni woderako, chifukwa chimafanana ndi khungu ndipo nkhope imazimirira. Anthu a khungu lofiirira asankhe cha kirimu, chobiriwira ngati tsamba la nthochi kapena chofiira ngati njerwa. Oyererako, khaki ndi chikasu chofuwirira zimawasulukitsa. Iwo atenge buluu, pepo kapena pinki.

Pa chitenje cha maluwa ambiri, yang'anani mtundu umene wachuluka, makamaka umene udzagwere pakhosi. Muuzeni telala musanamusiyire nsalu.

Tsono thukuta. Malaya a gileyi ndi a buluu wotumbululuka osalemba kanthu amaonetsa chinyezi m'khwapa ndi kumsana musanafike n'komwe kumene mukupita. Malaya akuda amamwa dzuwa, ndipo thukuta likauma limasiyapo mizere yoyera ya mchere. Madzulo amakopanso udzudzu. Nsalu yamaluwa imabisa chinyezi ndi mizere ya mchereyo. Ngati mtundu wakuda ndiwo umakukhalani, uvaleni kumunsi, pa siketi kapena thalauza, kumtunda kukhale kowala.

Choyera chili ndi vuto lake. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, sopo sachita thovu mokwanira, ndipo malaya amayamba kuoneka achikasu. Cha kirimu sichionetsa msanga zimenezi.

Mtundu ungakome bwanji, nsalu ikhale ya thonje, yopepuka, yosathina. Poliyesitala amatsekera thukuta pakhungu n'kuyambitsa tizilonda toyabwa. Musanagule, pakani kansalu koyera konyowa pakona. Kakatenga utoto, nsaluyo idzasuluka. Chovala chatsopano muchichape pachokha m'madzi ozizira, muchitembenuze, n'kuchiyanika pamthunzi.