Mmene mungadziwire mbiri ya sitima yamagetsi ya pa Isle of Man poikwera

Ngati mukufuna kuidziwa bwino mbiri ya Manx Electric Railway, sitima yamagetsi ya pa chilumba cha Isle of Man chomwe chili pakati pa Britain ndi Ireland, muyambire ulendo wanu pa Derby Castle mumzinda wa Douglas, ndipo mupite m'nyengo yotentha chifukwa m'miyezi yozizira sitimayi siyenda tsiku ndi tsiku. Mukafika, funsani ngati bogi nambala 1 kapena 2 likuyenda. Mabogi awiriwa anapangidwa mu 1893, chaka chomwe njanjiyi inatsegulidwa, ndipo ine ndimaona kuti amene wakhala pa mipando yake yamatabwa, n'kumamva mlongoti wa padenga ukukhula waya wamagetsi, waigwira mbiriyi ndi manja ake.

Mukamadutsa pa Groudle Glen, dziwani kuti chaka choyambacho njanji inkathera pomwepo. Inafika ku Laxey mu 1894.

Pa Laxey tsikani ndithu, muyang'ane pansi. Njanji imene mwadzera ndi yotambalala mafiti 3, pomwe ya sitima yokwera phiri la Snaefell, yomwe inatsegulidwa mu 1895, ndi ya mafiti 3 ndi mainchesi 6. Mukakwera phirilo mudzaona chitsulo chachitatu pakati pa njanji, chothandiza kugwira mabuleki potsetsereka.

Kenako pitirirani mpaka ku Ramsey, komwe njanji inafika mu 1899, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 27 kuchokera ku Douglas. Kuti mwatha kuyenda ulendo wonsewu, n'chifukwa chakuti boma la chilumbachi linatenga njanjiyi mu 1957 kampani yake itavutika ndi ndalama.