Mmene Mungaperekere Uthenga Mukaona Chiopsezo pa Njanji

Anthu ambiri a mu Blantyre amene amalawirira kuntchito wapansi amatsata njanji, poti ndiyo njira yachidule yochokera ku Chirimba kulowa m'tauni. Motero amene amayamba kuona kuti mabawuti amasulidwa usiku, kapena kuti madzi akokolola dothi pansi pa njanji, kawirikawiri sakhala wogwira ntchito kukampani ya sitima, koma mayi wopita kukapikula tomato kapena mlonda amene akuweruka. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amangodutsa n'kukasimbira anzawo masana, pamene uthengawo unayenera kufika kwa oyang'anira kayendedwe ka sitima m'mphindi zochepa.

Kufulumira n'kofunika chifukwa sitima ilibe chiwongolero choti ingapatukire pambali, ndipo ikasenza feteleza, simenti kapena mafuta imayendabe mtunda wautali woyendetsa atamanga kale mabuleki, makamaka potsetsereka ngati pochokera ku Limbe. Njira yodalirika yopewera ngozi ndi yakuti sitimayo iimitsidwe isanafike n'komwe pamalo owonongekawo.

Zoyenera kunena si ngozi zooneka zazikulu zokha ayi. Pakasowa tizitsulo timene timapanikiza njanji pa masilipa (mitanda yopingasa imene njanji imagonapo), munthu wamba angaone ngati palibe chavuta, komatu tikachoka tambiri motsatizana njanji ziwirizo zimatanuka sitima ikamaponda, ndipo mpata wake, umene uyenera kukhala mamilimita 1,067, ukakula pang'ono chabe mawilo amagwera pakati. Akuba amakonda tizitsulo timeneti pofuna kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Chimodzimodzinso anthu amene amawola miyala ya kwale ya pansi pa njanji kukamangira nyumba, ana oika miyala pamwamba pa njanji, okumba mchenga m'mphepete mwa mlatho, ndi anthu amene amazungulirazungulira mabogi a mafuta usiku atanyamula zigubu. M'nyengo ya mvula onetsetsaninso mipope yodutsa madzi pansi pa njanji, chifukwa ikatsekeka ndi zinyalala madzi amadya dothi mwakachetechete. Amene anaona mmene namondwe wa Freddy anagumulira nthaka mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa kawiri.

Mukaona chimodzi mwa zimenezi, choyamba chokani panjanjipo, muime patali, kenaka muyang'anitsitse malowo kuti muthe kuwafotokoza. Apa ndi pamene mauthenga ambiri amafera. Munthu akaimba foni n'kungoti "njanji yaonongeka ku Chirimba", wolandira uthengayo sadziwa kotumiza amisiri, popeza Chirimba ndi dera lalikulu. Tchulani chinthu chosasuntha chimene chili pafupi, monga mlatho, sukulu, chigayo kapena pamene msewu wadumpha njanji, ndipo munene ngati malowo ali chakumtunda kwa chinthucho molowera ku Limbe kapena chakumunsi molowera ku Lirangwe. Ngati pafupi pali chikwangwani cholembedwa nambala ya makilomita, werengani nambalayo, chifukwa ogwira ntchito panjanji amadziwa malo awo ndi manambala amenewa kuposa mayina a misika. Nenaninso nthawi imene mwaona vutolo, ndipo musiyanitse zimene mwaona ndi maso anu ndi zimene mwangomva. Kunena kuti "pasowa tizitsulo pa masilipa 8 otsatizana" kumathandiza kuposa kunena kuti "akuba amaliza njanji yonse".

Woyamba kudziwitsidwa akhale kampani yoyendetsa sitima, chifukwa ndiyo yokha imene ingalankhule ndi woyendetsa ali pa ulendo. Kampaniyi ndi Central East African Railways, imene inatenga ntchitoyi kuchokera ku Malawi Railways mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Limbe. Masiku ano ambiri amaidziwa ndi dzina la Nacala Logistics. Ngati mumakhala kapena kuchita malonda pafupi ndi njanji, pitani pa siteshoni ya Limbe kapena ya Blantyre, pafupi ndi depoti ya Wenela, tsiku limene kulibe vuto lililonse, mukapemphe nambala yoimbira zinthu zikavuta ndipo muisunge m'foni. Nkhani ikakhala ya umbava kapena kuononga dala, dziwitsaninso apolisi. Amfumu ndi a chitetezo cha m'dera ayenera kumva ndithu, koma auzeni mutaimba kale foni, osati kudikira kuti atuluke m'nyumba. Kutumiza chithunzi pa gulu la WhatsApp sikupereka lipoti, ngakhale anthu 200 atachiona.

Mukapeza anthu ali m'kati momasula zitsulo, musawayandikire kapena kuwakalipira, pakuti amakhala ndi zida zolemera m'manja. Dutsani ngati simunaone kanthu, musunge mumtima chiwerengero chawo, zovala zawo, komwe alowera ndi nambala ya galimoto ngati ilipo. Ngati mukuopa kuti mudzadana ndi anansi, pemphani wolandira uthengayo kuti dzina lanu lisatchulidwe. Katundu wokayikitsa amene wasiyidwa m'bogi kapena pa siteshoni musamugwire. Uzani kondakitala kapena mlonda, ndipo muchotse ana pafupi.

Zikachitika kuti sitima ikumveka kale ndipo nthawi yoimba foni palibe, thamangirani komwe ikuchokerako mukuyenda m'mbali mwa njanji, osati pakati, mufike kutali ndi malo owonongekawo mmene mungathere. Kwezani manja onse awiri m'mwamba kapena kupizani nsalu yofiira, ngakhale chitenje, ndipo ukakhala usiku gwedezani tochi mwamphamvu. Sitima ikaima, mufotokozereni woyendetsa mtunda umene watsala kuti afike pamalopo.

Pomaliza kuimba, funsani dzina la amene walandira uthenga wanu ndipo mulembe nthawi yake. Mukadutsanso mawa lake n'kupeza kuti sipanakonzedwe, imbaninso, mutchule dzinalo ndi nthawi imene munaimba koyamba.