Kalembedwe ka mbiri ya mayi amene anadwala matenda oiwala

Mbiri ya malemu tonse timadziwa mmene imayendera. Wachibale amaimirira ndi pepala n'kutchula chaka chobadwa, chaka cha ukwati, ana angati, amoyo angati, zidzukulu zingati, kenako "anadwala nthawi yaitali, tinayesetsa koma zinakanika." Kwa mayi amene anadwala matenda oiwala, omwe achipatala amati dementia, mbiri yotereyi imasiya mpata waukulu, ndipo anthu amaudzaza okha ndi zimene anaona kumapeto: agogo osochera pamsika, agogo otukwana ana awo, agogo opezeka usiku kuseri kwa nyumba ya eni. Ine ndinalemba mbiri ya Amayi anga pokonzekera kuvumbulutsa chiliza kwathu ku Chiradzulu, ndipo ndikuuzeni mmene mungachitire nanunso.

Musadikire sabata ya chiliza. Yambani maliro akangotha, abale asanabalalike, ndipo yambirani kwa okalamba: azakhali, alamu awo a malemu, anzawo a ku Mvano, amayi amene ankapita nawo kudimba. Pemphani chilolezo chojambula mawu, ikani foni pamphasa, muzicheza. Funso loti "Amayi anali munthu wotani?" musalifunse n'komwe, yankho lake ndi limodzi kulikonse: anali wabwino, wopemphera, wokonda alendo. Funsani zogwirika. Ankagulitsa chiyani? Bambo ali ku Joni, fizi ankaipeza kuti? Anayambanapo ndi ndani, pa nkhani yanji? Funso lomalizali ndi limene linamasula azakhali anga. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti Amayi anatsekerapo mbuzi za amfumu m'khola lawo chifukwa zinadya nandolo, ndipo sanazitulutse mpaka nandoloyo atalipidwa. Ana tonsefe palibe amene ankaidziwa nkhani imeneyi.

Zaka zidzakuvutani. Okalamba athu sasunga zaka ndi manambala, amasunga ndi zochitika, choncho khalani ndi zochitikazo pambali. Njala yaikulu inali mu 1949, ufulu mu 1964, kwacha inalowa m'malo mwa mapaundi mu 1971. Ulendo wa Wenela, wokagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, riferendamu inali mu 1993, njala ina mu 2002. Wina akati "pa njala yaikulu ija anali atayamba kutunga madzi ndi kamtsuko," mwadziwa kuti anabadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Lembani "cha m'ma 1942" basi, musapeke tsiku. Khadi la ubatizo kapena kaundula wa kumpingo ndi zodalirika kuposa chitupa cha unzika, chifukwa okalamba ambiri polembetsa mu 2017 ankangotchula chaka chongoganizira.

Kenako tsegulani sutikesi yawo, katundu asanagawidwe. Mwa Amayi munali bulauzi yoyera ya Mvano, duku, buku la kuchipatala ndi Baibulo lopanda chikuto. Pansi penipeni panali jumbo ya shuga yomangidwa ndi kansalu kong'amba ku chitenje, ndipo mkati mwake munali malisiti a fizi a ana tonse, opindidwa kanayi, ena inki itafufutika moti kunangotsala chidindo cha sukulu. Jambulani chilichonse n'kutumiza pa gulu la banja la WhatsApp. Achimwene amene ali ku Johannesburg, amene mukawapempha kuti alembe salemba, akaona chithunzi amatumiza mawu ataliatali.

Tsopano zaka za matenda, pamene mabanja ambiri amagawanika. Ena amafuna kuti zisatchulidwe, akuti n'zochititsa manyazi. Ine ndikuti matendawo atchulidwe ndi dzina lake, pamaso pa amfumu ndi mudzi wonse. Awa ndi matenda a ubongo, si ukalamba wamba, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nawo. Ambiri mwa iwo amadwala mtundu wotchedwa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza mu 1906. Kwathu kuno mayi wokalamba akapezeka akuyenda usiku, osadziwa kumene akupita, pakamwa pa anthu pamabwera mawu amodzi: mfiti yagwa. Lamulo la mu 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti, mabungwe oyankhulira okalamba monga MANEPO akhala akudandaula, koma okalamba akumenyedwabe, ena kuphedwa kumene. Mukabisa matendawo, mwasiya mphekesera ija ili chilili, ndipo idzagwera agogo ena a m'mudzi momwemo. Mawu ochepa akukwana. Ife tinati: "Zaka zawo zomaliza Amayi anadwala matenda a ubongo amene amachititsa munthu kuiwala maina, nkhope ndi njira. Amene munawapeza atasochera n'kutibweretsera kunyumba, tikukuthokozani."

Kutchula matenda si kuvula munthu pagulu. Za kudziipitsira, za kuvula zovala, mawu achipongwe amene anakulankhulani, zonsezo zitsale m'nyumba. Chiganizo chilichonse muzichiyesa motere: akanakhala pamphasapo ali bwinobwino, akanalola kuti chiwerengedwe?

M'zaka zomwezo funafunani zimene matenda sanathe kulanda, chifukwa zimakhalapo. Matendawa amayamba kufufuta zatsopano, zakale zimakhalitsa, ndipo nyimbo ndiye zimakanirira kwambiri. Amayi anaiwala dzina langa, ankanditchula "aphunzitsi," koma wina akangoyambitsa nyimbo ya kutchalitchi ankaimaliza ndime zonse, ndi mawu achiwiri omwe. Dzuwa likamapendeka ankasowa mtendere, monga amachitira odwala ambiri otere, n'kumamanga katundu kuti akupita kwawo, ana aweruka kusukulu ndipo sanadye. Pa chakudya ankabisa mtanda wa nsima pa mfundo ya chitenje, akuti ndi wa mwana wawo wamng'ono. Mwana wamng'onoyo ndi bambo wa imvi, ndipo nthawi zambiri ankakhala pomwepo akudya nawo. Zimenezi tinaziika m'mbiri, chifukwa zimanena za umayi wawo kuposa mawu oti "anali okonda ana."

Tchulani amene ankadwazika, mmodzimmodzi. Pa miyambo yathu amene amathokozedwa mokweza ndi amene anagula bokosi ndi simenti, pomwe mlongo kapena mdzukulu amene ankachapa zofunda m'bandakucha, kumanga chitseko ndi chingwe usiku, n'kumatchedwa wakuba ndi mayi ake omwe, amangokhala kukhitchini. Dzina lake libwere patsogolo pa otumiza ndalama, ngakhale ena akhumudwe.

Yang'anani muyeso wake. Ngati munthu anakhala zaka makumi asanu ndi atatu n'kudwala zisanu ndi chimodzi, matenda asatenge theka la pepala. Ndime imodzi kapena ziwiri basi. Lembani mbiri ziwiri: yaifupi yowerenga kumanda, yosapitirira mphindi zisanu poti anthu ali padzuwa ndipo abusa ali ndi mwambo wawo, ndi yaitali yokhala ndi zithunzi, yosindikiza kuti nyumba iliyonse ikhale ndi yake. Yaifupiyo muwerengere abale onse usiku wake, kuti wotsutsa atsutsire m'nyumba. Wowerenga asakhale amene ankadwazika, salimba mtima kufika kumapeto. Sankhani mdzukulu wa mawu omveka ndipo ayeserere mokweza.

Mawu amene munajambula aja musawasiye mufoni imodzi. Tumizani kwa abale awiri kapena atatu, ena muike pa kompyuta, ndipo pa fayilo iliyonse lembani dzina la wolankhula ndi chaka chimene munamujambula.