Imelo ikakana pa makina a braille musathamangire kusintha kampani ya intaneti

Abale anga amene mumadalira makina a braille monga BrailleNote kapena BrailleSense, dandaulo ili ndimalimva pafupipafupi, akuti imelo yasiya kulowa, makina akungoti alephera kulumikizana ndi seva (kompyuta yomwe imasunga ndi kutumiza imelo yanu), basi munthu wayamba kale kuganiza zosiya kampani ya intaneti nkulowa ina. Dikirani kaye. Kampaniyo nthawi zambiri ndi msewu chabe, vuto limakhala pa loko.

Lokoyo dzina lake ndi TLS, ndi amene amabisa uthenga ndi pasiwedi yanu pochoka pa makina kupita ku seva kuti wina asazione panjira. Mu 2021 bungwe la IETF, lomwe limakonza miyezo ya kayendedwe ka intaneti, linati mitundu yakale ya TLS, 1.0 ndi 1.1, isiyidwe, ndiye ma seva ambiri pano amafuna 1.2 kapena 1.3 pomwe makina ena akale, makamaka aja oyendera pulogalamu yakale ya Windows CE, anatsalira ndi loko wakale yemwe uja, nchifukwa chake olo mutasintha kampani katatu seva idzakukanani chimodzimodzi.

Yesani chonchi, tsegulani hotspot pa foni ya mnzanu wa netiweki ina mulumikize makinawo. Ikakanabe mwadziwa kuti kampani yanu ilibe mlandu. Kenako lowani mu setingi muone ma port, manambala a makomo omwe imelo imadutsira, polandira ndi 993 ngati njira yolandirira imelo ndi IMAP kapena 995 ngati ndi POP3, potumiza ndi 587 kapena 465. Mukapeza 25 potumiza musinthe, makampani ambiri a intaneti amatseka dala port imeneyo poletsa spam, ma imelo achabechabe aja. A Gmail dziwaninso kuti kuyambira mu 2022 Google inasiya kulola mapulogalamu akale kulowa ndi pasiwedi wamba, pamafunika pasiwedi yapadera ya zilembo 16 yotchedwa app password ndipo imapezeka mukayatsa kaye 2-Step Verification, chitetezo chotsimikizira kawiri kuti ndinu polowa mu akaunti.

Chimene chimandipweteka mtima ndi malangizo oti ingozimitsani encryption, loko uja, kuti imelo idutse. Chonde musatero, mu imelo mumadutsa za kubanki, za kuchipatala, ndipo pasiwedi idzayenda poyera.

Funsani opanga makinawo ngati pali update. Ngati palibe makinawo musawataye, ambiri amalumikizika ku foni kapena kompyuta pa Bluetooth kapena USB, imelo nkumatsegukira pa foniyo kudzera mu pulogalamu yowerenga zapasikirini, TalkBack pa Android kapena VoiceOver pa iPhone, inu nkumawerenga ndi zala monga mwa nthawi zonse. Ndipo ngati adiresi ya imelo munapatsidwa ndi kampani ya intanetiyo, funsani kaye ngati idzakhalebe yanu mukachoka musanasainire kwina.